Mbava M'mimba mwa Limba

Pulani yoba limba langa inabadwira kwa Mavis, kuseri kwa msika wa Chintheche, kumene kachasu amathiridwa m'mabotolo a mankhwala a chifuwa kuti mkulu wa mpingo akamadutsa aziyesa anthu akudwala. Ine kunalibe. Amene anandifotokozera zonsezi pambuyo pake ndi Andy Batala, mmodzi wa mbavazo, munthu amene pakamwa pake sipagona nkhani.

Analipo atatu. Mtsogoleri anali Wallace, amene anzake ankamutcha Injiniya chifukwa tsiku lina anagwirizira makwerero pamene mmisiri ankakonza thanki ya madzi pa loji ina ku Makuzi. Kuyambira pamenepo sipanala sinachokenso m'thumba lake lakumbuyo. Wachiwiri anali Jackie Netiweki, mtsikana wogulitsa mayunitsi pansi pa ambulera, amene nkhani iliyonse ya pa Chintheche inkadutsa kaye m'khutu mwake isanafike kwa eni ake. Iyeyu za kuba sankazikonda kwenikweni, ankangodana ndi kumva nkhani kwa ena. Wachitatu ndiye Batalayo, chimunthu cha mapewa opalasa bwato, chonona ngati nsomba imene inam'patsa dzina, chovomera chilichonse bola chinenedwe mokweza.

Tsikulo kachasu anali wamadzimadzi, ndipo Wallace anadandaula.

"Musandinene ine," anatero Mavis. "Mpope wanga wotchezera wadyeka ndi dzimbiri. Nthunzi yonse ikuthawira m'mbali."

Wallace anaika botolo pansi pang'onopang'ono, nkhope ikuwala.

"Ama, mukulirira mpope umodzi? Mdala wa masuti uja ali ndi mipope yodzaza tchalitchi. Ing'onoing'ono, ikuluikulu, yonyezimira. Yangoima phee, ikudya mpweya waulere."

"Lija ndi limba, aise," anatero Jackie.

"Limba ndi dzina chabe. Ine ngati injiniya ndikuona mapaipi. Taganiza amayi onse otcheza kuyambira pano mpaka ku Limphasa, aliyense akulira mpope. Ikuluikuluyo tikawapatsa a mpunga azikathiririra. Dilu iyi ndi yoyera, mafana. Mwini wake ndi nkhalamba, mlonda wake ndi Mulungu, ndipo Mulungu amakhululuka."

"Bho," anatero Batala, poti zinanenedwa mokweza.

Panalibe amene anafunsa chifukwa chake mipopeyo imalira. Imalira chifukwa uliwonse uli ndi pakamwa, chibowo chodulidwa m'mbali, moti ukathiramo madzi amathera pamapazi pako. Koma kachasu, ngakhale wamadzimadzi, sakonda mafunso.

Mdala wa masutiyo ndine, Weston Manda, woimba limba wopuma pantchito. Ndinabadwira konkuno m'banja la asodzi a Chipresibateriya, koma manja anga anakana ukonde ndili wamng'ono. Bambo anga ataona kuti nsomba zikundiseka, anandipereka kwa mphunzitsi wa ku mishoni kuti mwina Mulungu angandipezere chochita. Anandipezeradi. Ndinathera moyo wanga pa benchi ya limba m'katedralo ina mumzinda, tchalitchi chachikulu cha bishopu. Ndinaimbira mabishopu polowa, nduna pokwatira, ndi onsewo pomwalira. Lamulungu lina masana ndinkachita konsati ya limba lokha, nyimbo za akatswiri akale a ku Ulaya, zolemera, zopanda mawu. Kunkabwera azungu ochepa a ku maofesi a akazembe, masisitere okalamba amene makutu anali atawasiya kale, ndi mlonda amene ankadikira kuti atseke. Ndikamaliza ndinkawerama kuwathokoza ngati ndadzaza bwalo la mpira.

Zipani zitachuluka m'dziko muno, nyimbo nazo zinachuluka. Achinyamata anafuna zovina, komiti inagula kiyibodi yoimba yokha ng'oma ukangodina batani, ndipo tsiku limodzi anatipumitsa tonse awiri, ine ndi limba laling'ono la m'chipinda chopempherera cha pambali. Anandipatsa limbalo ngati mphatso yotsanzikana, poti kulitaya kukanafuna galimoto. Amene anandinyamulira ndi a Bwanali, wamalonda a nsomba wochokera ku Mangochi amene anakhazikika kuno, tsiku limene lole yawo inkabwerera yopanda katundu. Limba linafika pa Chintheche likununkha usipa. Akulu a mpingo wathu wa pamtunda analilandira ndi manja awiri, chifukwa linali laulere komanso linabisa mng'alu wa pakhoma.

Tsono panali nyimbo yanga. Ndinayamba kuipeka tsitsi lili bii, ndinaimaliza lili mbuu, ndipo ndinaitcha Mwera, mphepo ija imene imagadabuza mabwato panyanja yathu. Ku katedralo ndikapempha mpata ankati chaka chamawa, mpaka zaka zamawa zinatha. Tsopano nyamakazi inali itayamba kundidya zala, ndipo m'mawa kumanga taye kunkatenga nthawi. Ndinkafuna chinthu chimodzi ndisanafe: munthu wamoyo, ngakhale mmodzi, amve Mwera kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ndinasankha Loweruka lina masana, ndipo abusa analengeza m'tchalitchi ndi mawu amene amalengezera maliro.

Vuto linali mpweya. Limba la mipope limapuma ngati munthu, ndipo kutchalitchi kwathu kulibe magetsi. Kuseri kwake kuli mvukuto waukulu wokhala ndi mtengo wopopera ngati wa pa mjigo. Wina azipopa kuseriko, ine ndiziimba kutsogolo. Lamulungu lililonse amene ankapopa ndi mkazi wanga Ethel, Anyalongwe, koma atamva za Mwera anapukuta manja pa chitenje.

"Ada Manda, ine ndinalumbira kuti pamavuto ndi pamtendere. Za Mwera abusa sanatchule."

"Ndiye mundisiya ndekha, Anyalongwe?"

"Ndikuphikirani tiyi ndi zitumbuwa pansi pa mtengo wa mango, kuti anthu abwere. Koma mkono wanga ayi. Tsiku lija munkayeserera ndinafika nayo pakati, ndinaona makolo anga akundikodola."

Tinalankhula zimenezi m'nyumba, chitseko chotseka. Pofika mawa lake Jackie anali atazitula kale pa benchi ya Mavis.

"Mdala akusaka wopopa."

"Ndiye basi, zayera," anatero Wallace, akujambula pansi ndi sipanala. "Batala, iwe ukalembedwe ntchito. Kuseri kwa limba kuli kachitseko ka amisiri. Anthu asanafike utilowetsa ine ndi Netiweki m'mimba mwake. Mdala aimba, anthu aomba m'manja, atseka tchalitchi, apita. Ife tizula mapaipi, tikupatsira pawindo, iwe uli ndi wilibala, pamwamba ukonde. Dzuwa lisanalowe tili pano."

"Bwanji osapita usiku ngati mbava zinzathu?" anafunsa Jackie.

"Usiku kuno ndi masana, sisi. Asodzi ali pikitipikiti ndi nyali. Chintheche amagona masana, atakhuta kondowole."

Pamenepo pokha Injiniya ananena zoona.

Batala anandipeza ndikupukuta makiyi a limba. Anavala jekete lobwereka limene mabatani ake anali asanaonanepo ndi zibowo zake.

"Timuwoneni, Ada."

"Yewu. Ndikuthandize chiyani?"

"Ndamva mukufuna wopopa."

"Umakonda nyimbo za limba?"

"Kwambiri, Ada. Makamaka mapaipiwo."

Misozi inalengeza m'maso mwanga. Ndinati mumtima, taonani, mneneri wayamba kulemekezedwa kwawo. Ndinam'tengera kuseri, ndinamuonetsa mtengo wopopera, ndi kamwala kolendewera pachingwe kamene kamasonyeza mpweya wotsala mu mvukuto.

"Lamulo ndi limodzi. Usasiye. Kamwalaka kakafika pa mzere apa, limba limalira ngati mbuzi yogwidwa pakhosi, ndipo ine ndinyamuka pa benchi kubwera kudzaona chimene chachitika."

"Kubwera kuno kuseri, Ada?"

"Konkuno."

Anayang'ana kachitseko.

"Nyimbo zake zilipo zingati?"

"Imodzi yokha."

Sindinaname. Batala anakauza anzake, ndipo Wallace anaseka mpaka kutsamwa.

"Imodzi? Ndime zinayi ndi Ameni. Sitimva n'kutentha komwe."

Loweruka tchalitchi chinadzaza. Ife Atonga, ngakhale tikupita kukamva chinthu chimene sitikuchidziwa, timatchena kaye, mafunso pambuyo. Kunali masuti a ku Joni, zipewa za nthenga, nsapato zolira. A Bwanali nawo anabwera ndi akazi awo mayi Rukiya, ngakhale ndi Asilamu, nakhala kumbuyo. Anati abwera kudzaona ngati katundu amene ananyamula uja amagwiradi ntchito. A Bwanaliwo analinso wapampando wa achitetezo a m'mudzi. Jackie anachenjeza za zimenezi, koma Wallace anati Msilamu sangalowe m'tchalitchi, nkhani inathera pomwepo.

Woimba limba amakhala atafulatira anthu. Pamwamba pa makiyi pamakhala kagalasi koonera abusa, ndipo ine ndisanayambe ndinakatembenuza kuti kayang'ane kukhoma. Ndinaphunzira zimenezi mumzinda. Kagalasi kaja kamaonetsanso anthu akutuluka, ndipo paja chaona maso mtima suiwala.

Pamenepo n'kuti mbava ziwiri zili kale mkati. M'mimba mwa limba mulibe malo a alendo. Wallace ananyonyomala pakati pa mipope ikuluikulu yamatabwa, mawondo ali kumakutu. Jackie anadzipinda pansi pa mipope ya malipenga, mutu utagunda thabwa. Mumdimamo Wallace anam'kodola ndi sipanala.

"Ukuona, sisi? Chuma chonsechi."

"Ndikuona fumbi."

"Ndiye vuto lako. Ulibe masomphenya."

Mwera umayamba mofatsa. Ndi nyanja ya m'mawa, timipope ting'onoting'ono tikulira patali. Jackie akuti anatsala pang'ono kusinza. Kenako pamabwera kanyimbo kamodzi kothamangitsana kokha: dzanja lamanja liyamba, lamanzere lilondola, mapazi abwera pambuyo pa makiyi apansi, onse akunena chinthu chimodzi koma osadikirana, ngati msonkhano wa banja. Apo Wallace anawerenga ndime zake zinayi, nakonza thupi kudikira Ameni.

Ameni sanabwere. Kunabwera mphepo.

Pambali pa makiyi pali timitu tokoka, kalikonse kotsegulira gulu lake la mipope. Ndinayamba kutikoka kamodzikamodzi. Nditaponda kiyi yapansi penipeni, unalira mpope waukulu kuposa yonse, umene sumveka m'khutu koma m'matumbo, ndipo pakamwa pake panali pafupi ndi tsaya la Injiniya. Fumbi la mumzinda, zitosi za mileme ndi nalimata mmodzi zinawagwera pamutu. Kenako ndinatsegula malipenga, pamwamba penipeni pa Jackie.

Wallace anakwawira ku kachitseko nagogoda ndi sipanala.

"Batala, siya kupopa."

"Sindingathe, bigi. Ndikasiya mdala abwera kuno."

"Popa pang'onopang'ono, nanga."

"Kamwala sikakulola."

"Tikufa muno, iwe."

"Inenso ndikufa kuno."

Ndipo ankafadi. Limba likatsegulidwa lonse limamwa mpweya osakhuta. Kamwala kaja kankathamangira ku mzere, Batala n'kumapopa ndi manja, ndi chifuwa, ndi mimba yomwe, jekete lobwereka litang'ambika pamsana. Phokoso lonse limene linkazunza anzakewo linkachokera m'mikono yake. Akalira kwambiri mkatimo, iye ankawonjezera liwiro poopa kuti ine ndingawamve.

Kumbuyo kwanga, kumene sindinkaona, mpingo unali kusungunuka. Anayamba amayi a makanda. Anatsatira amayi amene anabwereka makanda a anzawo. Akulu a mpingo anatuluka monyang'ama, nsapato zolira zija zili m'manja. A Bwanali anapita kukaswali, chifukwa chomveka bwino, koma pobwera miyendo inawafikitsa pansi pa mango pamene panali tiyi. Abusa anapirira kuposa onse, kenako anakumbukira wodwala.

Pansi pa mangopo, monga anandiuzira Anyalongwe, panali chisangalalo chenicheni.

"Koma amuna anu ali ndi mphamvu," anatero mayi Rukiya.

"Za limba ali nazo. Muwatume kukatema nkhuni muone."

A Fraser, mkulu wa mpingo wodziwa ulemu, anapukuta mafuta a chitumbuwa pamilomo.

"Ama, ikamatha tidziwa bwanji? Tiyenera kukalowa tikaombe m'manja. Munthu wamkulu sitingamuchititse manyazi."

"Sindidziwa, Ada. Kumapeto kwake sindinafikeko."

Anagwirizana zothiranso tiyi wina.

Mkati muja, Wallace anakumbukira kuti ndi injiniya. Anaganiza kuti mpope umene uli m'manja sungalire, ndipo poti anabwerera yomweyo, bwanji osayambiratu ntchito? Anayamba kuzula yachitsulo imene manja ake ankafikira, umodziumodzi, n'kumaikumbatira ngati nkhuni. Phokoso silinachepe, chifukwa yomupha kwenikweni inali yamatabwa ija yotalika kuposa iye, koma mtima wake unakhala m'malo poona kuti pulani ikuyenda.

Kutsogolo, ine ndinadina kiyi ndipo panangomveka mpweya, fuu. Ndinadina ina, fuu. Ndinachita mantha enieni. Za mbava sindinaziganize n'komwe, nanga ndani angabe limba? Ndinaganiza kuti tsiku lija lafika, makutu anga ayamba kufa, kapena zala zikudina pamene mutu sunazitume. Thukuta linatsikira mu kolala. Ndinapemphera pemphero lalifupi kuposa onse a moyo wanga, lakuti Ambuye, mundilande mawa, lero ndimalize. Ndipo ndinapitiriza, ndikulambalala mawu osowawo ngati minibasi pa maenje a mumsewu.

Chakumapeto kwa Mwera mphepo imaleka mwadzidzidzi, monga imachitira panyanja. Pamenepo ndinaikapo kachetechete wautali, nthawi imene a kumtunda amayang'ana mabwato kuti aone amene wabwera ndi amene sanabwere. Pambuyo pake pamatsala tsamba limodzi lofatsa, lothera pa liwu limodzi lalitali. Malo amenewo ndi amene ndinkawanyadira kuposa onse. Ndinakweza manja m'mwamba, maso ali chitsekere. Tchalitchi chinali zii, ndipo ndinati mumtima, Weston, wawagwira, ngakhale wotsokomola palibe.

Mkatimo mbava zinamva kuti matabwa aleka kunjenjemera. Makutu azo anali atatseka kalekale, koma izo sizinadziwe. Zinadikira pang'ono, kenako Wallace ananong'oneza. Kunong'oneza kwakeko kunagwedeza malata.

"WAPITA MDALA UJA?"

"UKUTI CHANI?" ananong'oneza Jackie.

"NDIKUTI WATSEKA TCHALITCHI?"

"TSITSA MAWU, ANGATIMVE."

"ING'ONOING'ONOYI NDI YA MAVIS. IKULUIKULU KU LIMPHASA. BATALA AKATENGE WILIBALA."

Kuseri, Batala anali atagona pa mtengo wopopera, akupepesa kachitseko ndi manja kuti kakhale chete.

Ndinatsegula maso, ndinatembenuka. Mabenchi okhaokha. Panalibe munthu ndi mmodzi yemwe, kupatula chipewa cha nthenga chimene mwini wake anachisiya pothawa. Kunena zoona, za kubazo sizinandilowe msanga. Chimene chinandilasa ndi mabenchiwo. Ntchito ya moyo wanga wonse ndinali nditaimbira matabwa, ndipo kachetechete amene ndinkamunyadira uja anali wa nyumba yopanda anthu. Ndinachita manyazi mpaka m'mafupa.

Koma tchalitchi chopanda anthu chimanyamula mawu bwino, ndipo mawindo athu alibe magalasi. Pansi pa mango makapu anaima m'malere. Anthu amene anathawa nyimbo anabwerera akuthamanga atamva mbava, ndipo anakoka ena a kumsika amene sanaitanidwe n'komwe. Mavis anali nawo m'gulumo, koma atamva dzina lake likutchulidwa m'nyumba ya Mulungu anabwerera chambuyo. Pamene kachitseko kankatseguka, tchalitchi chinali chitadzaza kuposa poyamba.

Anatuluka chokwawa, ali mbuu ndi fumbi, Wallace atakumbatira mipope, nalimata ali paphewa. Atakweza mutu anapeza a Bwanali ataima, chingwe cha ukonde chili m'manja.

"TIKUKONZA," anatero Wallace. "NDINE INJINIYA."

"Wamveka, mwanangu," anayankha a Bwanali. "Wamveka mpaka ku Limphasa."

Anthu anayamba kukangana, ena ati kupolisi, ena ati makofi kaye. Ine ndinayang'ana mabenchi odzazawo, ndipo manyazi aja anandithera pomwepo. Ndinakwera pa benchi yanga, munthu wa nyamakazi.

"Palibe amene atuluke. Nyimbo sinathe."

Kunali kung'ung'udza, koma ndani akanachoka n'kusiya mbava? Anakhala pansi.

"Batala, ku mtengo."

"Ada, bola kupolisi," analira Batala.

"Popa," anatero a Bwanali.

Wallace anabwezera mipope m'malo mwake ine ndikumulozera ndi chala, ntchito yoyamba ya uinjiniya imene anaigwira n'kutheka. Unatsala umodzi. Anali ataukhalira potuluka, kunsi kwake kunapindika, moti sukanaimanso pa bowo lake. Nditauyang'ana mtima unagwa. Unali wa liwu lomaliza.

"Auuzire ndi pakamwa," anatero Anyalongwe, amene analowa chipande cha tiyi chili m'manja. "Si ndiye amaifuna mipope?"

"Sakumva. Adziwa bwanji nthawi yake?" ndinafunsa.

"Imeneyo isiyireni ine."

Ndinakhala pansi, ndinaimba tsamba lomaliza. Zala sizinapweteke. Nditafika pa liwu lotsiriza ndinagwedeza mutu, Anyalongwe anam'gogoda Wallace ndi chipande pankhongo, ndipo iye anauzira. Liwulo linatuluka lonjenjemera, lonunkha kachasu, koma linali lomwelo, ndipo analigwira mpaka maso anatong'oka chifukwa palibe anamuuza kuti asiye. Anthu anaomba m'manja kwa nthawi yaitali. Sindinafunse kuti akuombera ndani. Ndinawerama monga mwa nthawi zonse, koma mumtima ndinkadziwa kuti amva mutu ndi mchira basi, pakati ponse anali pa tiyi.

Atatuwo anawamanga chingwe chimodzi, ulendo wa kupolisi, khamu lili pambuyo. Ine ndinatsala pakhomo la tchalitchi ndikupukuta thukuta, mapepala a nyimbo ali m'khwapa. Apo ndinamva munthu akuimba cham'mphuno, mokweza monga aimbira munthu wosadzimva. Kanali kanyimbo kothamangitsana kaja, pamalo pamene kamapotoka moti ngakhale kwaya ya ku katedralo ikanapunthwa. Ankakaimba molondola. Anali Jackie.

Mpaka pamenepo ndinali ndisanaganize kuti chimene ndinkafuna chija chachitika. Munthu wamoyo anamva Mwera wonse, osaphonya liwu, ndipo anaumva ali m'kati mwake.

Ndinawathamangira, suti ndi nyamakazi zomwe. Jackie atandiona anaima, chingwe n'kukoka anzakewo.

"ADA, KOYAMBA KUJA N'KWABWINO. KOMALIZANSO. KOMA PAKATI PAJA MWATALIKITSA. NGAKHALE MWERA WENIWENI UMAPUMIRAKO."

Khamu linaseka.

"Musamumvere, Ada Manda," anatero a Bwanali. "Bwererani mukapume."

Koma mabishopu ankandiuza kuti ndine mphatso ya mpingo akuyang'ana wotchi. Azungu ankandigwira chanza n'kuthamangira ku magalimoto. Pa onsewo panalibe amene anamvetsera mokwanira mpaka kupeza cholakwika.

"Kuyambira pati?" ndinafunsa.

"MUKUTI CHANI?"

Ndinayang'ana anthu, ndinayang'ana taye yanga, kenako ndinakuwa pakati pa msewu ngati kondakitala.

"KUYAMBIRA PATI?"

Anaganiza pang'ono, naimba cham'mphuno malo ake, pamene mphepo imabwereranso itaoneka ngati yatha. Malo amenewo ndinali nditawakayikira kwa nthawi yaitali, koma ndinalibe womufunsa. Ndinasolola pensulo m'thumba, ndinapempha a Bwanali kuti asafulumire, ndipo ndinalowa pa mzere, Jackie akuimba, ine ndikuchonga. Amene anationa tikudutsa pamsika mpaka lero amati mbava zinalipo zinayi, ndipo ya suti ndi imene inkaoneka yokondwa.